Mmene atolankhani amadzudzulira oika moyo pachiswe osawatchula kuti zitsiru

Tadala: Akuluakulu, ndili ndi funso la kalembedwe. Munthu akakwera phiri nyengo itaipa, kapena akalowa panyanja ndi boti losayenera, n'kufa kapena n'kupulumutsidwa movutikira, ukamawerenga nkhani yake umamva ndithu kuti mtolankhani akumudzudzula. Koma ukaibwereza kuti upeze mawu odzudzulawo, suwapeza. Palibe pamene alemba kuti "chitsiru". Ndiye chidzudzulocho chimabisala pati? Nanga malire ali pati pakati pa kunena zoona ndi kutonza munthu woti sangathenso kudziyankhira?

Nabanda: Yambani kufufuza pa mneni, a Tadala, afotokozi muwaone pambuyo. Mkonzi aliyense amadziwa kufufuta mawu ngati "wachibwana" kapena "wopusa", choncho wolemba wochenjera sawayerekeza n'komwe. Taonani chinthu chimodzi chitalembedwa njira zinayi. "Boti linasweka pamiyala." "Boti linaswedwa ndi mafunde." "Anakagunditsa boti pamiyala." "Anaphetsa anzake pamiyala." Choyambacho chilibe wolakwa, boti langosweka lokha. Chachiwiri chaloza mafunde. Chachitatu chaika munthu pa mwininkhani, dzanja lake layamba kuoneka. Chachinayi ndi chigamulo chathunthu, chifukwa msintho wochititsa uja, -etsa kapena -itsa, umanena kuti imfa ya enawo inadzera kwa iye. Zilembo zinayi zokha, koma zikhoza kukukokerani kukhoti ngati munthuyo ali moyo.

Pali tizidutswa tina timene mkonzi wotopa satiwona. "Ananyamuka" ndi uthenga, pamene "ananyamukabe" akunena kuti panali chifukwa chosanyamukira. "Ananyamula botolo limodzi la madzi" ndi kuwerenga katundu, koma "anangonyamula botolo limodzi" ndi kupukusa mutu. "Analibe wailesi" ndi "analibe ndi wailesi yomwe" ndi zinthu ziwiri. "Wapulumutsidwanso" akukuuzani kuti mkuluyu ndi kabwerebwere. Ndipo "anasochera" akasanduka "anadzisocheretsa", chifundo cha owerenga chathera pomwepo. Mukamaunika nkhani, dulani mzere kunsi kwa -be, -ngo-, -nso, dzi-, "n'komwe", "chabe" ndi "dala", kenako pa aliyense mudzifunse kuti umboni wake uli mu ndime iti. Wopanda umboni achoke.

Chisale: Mayi Nabanda agwira za mkati mwa liwu, ine ndiwonjezere za kasanjidwe. Chida chachikulu pa nkhani zotere ndi kugundanitsa mfundo ziwiri zoona, wolemba n'kungokhala chete. Mlumikizi wake ndi "ngakhale" kapena "chikhalirecho", ndipo nthawi yake ndi "anali atachenjezedwa kale".

Chitsanzo chomveka ndi Titan, kasitima kapansi pamadzi ka kampani ya OceanGate, kamene kanaphwanyika pa 18 June 2023 kakupita kukaona mabwinja a Titanic, sitima yaikulu imene inamira kalekale, n'kupha anthu asanu. Nyuzipepala zolemba mosamala sizinafunikire kutchula Stockton Rush, mkulu wa kampaniyo amene anaferanso momwemo, kuti wosamva. Zinangosanja zinthu motsatana. Titanic ili pa mamita pafupifupi 3,800 pansi pa nyanja, ndipo mamita 10 aliwonse amawonjezera kupanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse umene timausenza pamtunda pano, ndiye pansi apo ndi kuwirikiza pafupifupi ka 380. Thupi la Titan linali la carbon fibre, ulusi wa kaboni womatidwa m'timagawo, chinthu cholimba ukamachikoka koma chosadalirika ukamachifinya mobwerezabwereza, chifukwa timagawo take timayamba kumatuka pang'onopang'ono m'kati, maso osaona. Silinapimidwe ndi bungwe lililonse lopereka ziphaso za sitima. Mu 2018 akatswiri a Marine Technology Society analemba kalata yochenjeza, ndipo chaka chomwecho kampaniyo inachotsa ntchito David Lochridge, amene anadandaula za chitetezo. Ukafika pamenepo owerenga aweruza kale okha.

Chinsinsi chili pa malo a mfundozo. Kalata ya 2018 ija ikakhala mu ndime yachiwiri, nkhani ndi ya munthu wonyozera machenjezo. Ikakhala mu ndime ya 18, nkhani ndi ya ngozi yomvetsa chisoni, chifukwa ambiri sawerenga mpaka kumeneko. Mawu ndi omwewo, chasintha ndi mpando.

Gondwe: Komatu pa Titan pomwepo, a Chisale, chimene anthu anachigwira kwambiri sichinali carbon fibre ayi. Chinali kachipangizo ka masewero a pakompyuta ka Logitech kamene ankayendetsera sitimayo. Kanali m'mitu ya nkhani paliponse, chikhalirecho si kamene kanaphwanya sitima. Iyi ndi njira ina: kusankha chinthu chimodzi choseketsa kuti chiyimire zonse. Imagwira msanga chifukwa aliyense kachipangizo kotero anakaonapo, pamene kumatuka kwa timagawo kumafuna ndime ziwiri kufotokoza. Vuto lake, owerenga amachoka akudziwa choseketsa, chopha anthu osachidziwa.

Ndipo mwamva mmene a Chisale anenera "kasitima"? Ka- ameneyo ndi mpeni. "Boti" ndi "kaboti", "chingwe" ndi "kachingwe", "tenti" ndi "katenti". Ngati kaboti n'kakang'ono zoona, lembani kutalika kwake m'mamita, owerenga aone okha.

Chisale: Mwandigwira, achimwene. Ka- uja anangotuluka yekha.

Gondwe: Ndi mmene amatulukira, ndiye kuopsa kwake. Tsono dzina limene mwamupatsa munthu m'chiganizo choyamba ndilo limatsogolera nkhani yonse. John Allen Chau, wa ku America wa zaka 26, anaphedwa mu November 2018 atafika pa chilumba cha North Sentinel ku India, kumene lamulo limaletsa alendo kufika. Nkhani zina zinamutcha mlendo wokaona malo, zina mmishonale, zina wokonda maulendo oopsa. Mlendo amamvetsa chisoni, ngati wangosochera. Mmishonale amagawa owerenga pawiri, ena akuti wofera chikhulupiriro, ena akuti wolowerera. Wokonda zoopsa ndiye wadziputira yekha. Mayina atatu onsewo anali ndi kachoonadi kake, ndipo wosankha anali mkonzi.

M'Chichewa muli zina zoposa pamenepo. Ulemu wa a- uja ukachoka, kuchoka pa "a Uje anati" kufika pa "Uje anati", munthu watsika. "Bamboyu" ali pakati, "mkuluyu" wayamba kupendekeka, "njondayi" ndi chipongwe chovala jekete. Munthu wa zaka 26 mukamutcha "mnyamatayu" mwanena kuti nzeru sizinakhwime. Ndiye pali mfumu ya onse, "wodzitcha". Mike Hughes, amene anafa mu February 2020 ku California roketi yake yoyendera nthunzi, yopanga yekha, itagwa, kawirikawiri ankalembedwa ndi mawu otere. Timothy Treadwell, amene anakhala nyengo zotentha 13 pakati pa zimbalangondo ku Katmai ku Alaska mpaka chimodzi chinamupha pamodzi ndi bwenzi lake mu October 2003, ankatchedwa wodzitcha katswiri wa zimbalangondo. "Wodzitcha" amavula munthu udindo popanda wolemba kunena kuti ndi wabodza. Ndi wololeka pokhapokha ngati munthuyo anadzitchadi choncho, ndipo palibe sukulu kapena bungwe limene linamupatsa dzinalo.

Nangozo: Mchimwene wake wa "wodzitcha" ndi mitengero. OceanGate inkatcha okwera ake "mission specialists", ngati kuti ndi akatswiri ogwira ntchito m'sitimamo, pamene anali anthu olipira 250,000 dollars aliyense. Atolankhani ankaika mawuwo m'mitengero, ndipo kumeneko kunali kolondola, chifukwa anali mawu enieni a kampani ndipo owerenga anayenera kudziwa kuti si a nyuzipepala. Koma ukaona mitengero pa liwu limodzi limene palibe amene analinena, monga kulemba kuti anapita ku "kafukufuku" wake, amenewo ndi maso otsinzinira owerenga. Muyeso wake ndi wophweka: kodi mungaloze munthu kapena chikalata chimene munatengako liwulo? Ngati ayi, chotsani mitengero kapena chotsani liwu.

Aneni onenera mawu a munthu nawonso ali ndi makwerero. "Anati" alibe mbali. "Akuti" wayamba kutalikirana nawo. "Ati" ndiye kukweza nsidze. "Anaumirira kuti", "anadzitama kuti", "anadziteteza ponena kuti", "anavomera kuti", onsewa amabwera ndi chigamulo m'thumba. "Anavomera" ndi woopsa kwambiri chifukwa amaonetsa ngati panali mlandu. Munthu akangonena kuti sananyamule mapu, inu n'kulemba kuti "anavomera kuti sananyamule mapu", mwamuimika kale m'bokosi la kukhoti. N'chifukwa chake mabungwe otumiza nkhani ngati Reuters ndi AP amalimbikira liwu losalowerera lija, ngakhale libwerezedwe kakhumi m'nkhani imodzi.

Tadala: Ndiye ngati wolemba saloledwa kunena yekha, mawu owawa aja amene timawaona m'nkhani amachokera kuti?

Mbewe: Amabwereka pakamwa. Wolemba amaimbira mkulu wa opulumutsa anthu, wapolisi, katswiri wa nyengo kapena wokwera mapiri wakale, n'kumufunsa funso loti yankho lake likudziwika kale: kodi munthu wanzeru akananyamuka tsiku limenelo? Yankholo limalowa m'mitengero, kenako limakwera kukakhala mutu wa nkhani. Palibe cholakwika ngati wofunsidwayo akudziwadi za malowo ndi zida zake. Zimalakwika m'njira zitatu zimene zimabwerabwera. Wofunsidwa sanafikeko ndipo akungoyankha zimene mtolankhani wamuuza pafoni. Kapena ndi wopikisana naye pa bizinesi yomweyo ndipo nkhani sinanene. Kapena ndi "anthu ambiri pa Facebook akuti", amene ndi wolemba yemweyo atabisala kuseri kwa khamu losawerengeka.

Pakamwa pena pobwereka ndi manambala, makamaka a ndalama. "Ntchito yomupulumutsa yadya ndalama za okhoma msonkho zokwana mwakuti." Chiganizo chimenechi chimasandutsa owerenga aliyense kukhala wodandaula. Chinamveka kwambiri mu January 1997, pamene sitima yankhondo ya Australia, HMAS Adelaide, inayenda makilomita oposa 2,000 kukapulumutsa Tony Bullimore ndi Thierry Dubois, amene maboti awo anagubuduzika pa mpikisano wa Vendée Globe, wozungulira dziko pa boti munthu ali yekha. Bullimore anakhala masiku angapo m'kati mwa boti logadabuka. Mkangano wa ndalama unakula, koma nambala yotere imafunika kuiphwanya. Malipiro a asilikali ndi kusamalira sitima zimalipidwa kaya kuli ngozi kaya kulibe. Zowonjezera zenizeni ndi mafuta, maola a ndege ndi zida zowonongeka. Mtolankhani wosamala amafunsa kuti nambala mwandipatsayi ndi iti mwa ziwirizi, ndipo amalemba yankholo. Komanso kupulumutsa munthu panyanja ndi lamulo, lili m'pangano la maiko loteteza moyo panyanja la SOLAS ndi mu gawo 98 la pangano la malamulo a panyanja la United Nations. Nkhani ikasiya mfundo imeneyi, owerenga amaganiza kuti boma linachita chifundo chimene likanatha kukana.

Nabanda: Nambala yoluma koposa ndalama ndi ya anthu. "Opulumutsa 40 anagwira ntchito usiku wonse." Pamenepo mawu oti "anaika moyo wake pachiswe" amasanduka "anaika moyo wa ena pachiswe", ndipo chidzudzulo cholimba chimakhala pomwepo. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

Gondwe: Apo ndiye mwatibweretsera nkhani ya miyambi, mayi.

Nabanda: Pano tikucheza, a Gondwe, si tsamba loyamba. Koma mwanena zoona. Mwambi pa mutu wa nkhani ya imfa ndi chigamulo chopanda apilo. "Safunsa anadya phula", "wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu", zimakoma m'kamwa ndipo wolemba amamva ngati si iye wanena, ndi makolo. Chikhalirecho wasankha ndi iye. Mwambi sufuna umboni, ndiye umalowa ngakhale pamene sizinadziwike ngati munthuyo anachenjezedwadi. Malo ake ndi mu ndemanga ya mkonzi kapena m'danga la wolemba maganizo ake, pamene dzina lake lili pamwamba ndipo owerenga akudziwa kuti akumva maganizo. Mu nkhani ya tsiku loyamba, mtembo usanafike n'komwe kwa abale, ayi.

Nangozo: Ine pali chimene chikundivuta pa zonsezi. Tikuyankhula ngati chidzudzulo chimatsata zochita za munthu, pamene nthawi zambiri chimatsata mathero. Taonani atsikana awiri a zaka 16 m'chaka chimodzi. Jessica Watson wa ku Australia, asananyamuke ulendo wozungulira dziko yekha, boti lake linagundana ndi sitima yaikulu ya katundu mu September 2009, ndipo anthu ambiri analemba kuti ndi mwana, makolo ake amuletse. Atabwerera ku Sydney pa 15 May 2010, nduna yaikulu ya nthawiyo Kevin Rudd inamutcha ngwazi pamaso pa khamu. Patangotha milungu yochepa, mu June 2010, Abby Sunderland wa ku America mlongoti wa boti lake unathyoka pakati pa Indian Ocean, n'kupulumutsidwa ndi sitima ya asodzi ya ku France. Iye nkhani zinadzaza ndi "makolo osasamala" ndi funso loti alipira ndani. Msinkhu umodzi, ulendo wofanana. Wina "wolimba mtima", wina "woikidwa pachiswe".

Chisale: Pang'ono pokha, achemwali. Panali kusiyana kumodzi kogwirika. Sunderland anachedwa panjira chifukwa cha zida zowonongeka, ndipo anapezeka kum'mwera kwa nyanjayo mu June, nyengo yozizira ya kumeneko, pamene mafunde amakhala oopsa kwambiri. Watson anadutsa madera oterowo nyengo isanafike poipa chotero. Mtolankhani wodzudzula pa mfundo ya mwezi anali ndi poyimira. Wodzudzula pa msinkhu wokha ndiye analibe, chifukwa anali atangoombera m'manja mnzake wa msinkhu womwewo.

Nangozo: Ndavomera, ndipo mwandithandiza. Mfundo ya mwezi inalipo mlongoti usanathyoke, ndiye inali yolembeka ngakhale akanafika bwino. Muyeso wake ndi umenewo: tsekani mathero ndi dzanja, muwerenge zimene munthuyo ankadziwa tsiku lonyamuka. Ngati chiganizo chanu chodzudzula chikuimabe, n'chachilungamo.

Kukondera kwina ndi kwa amayi ndi abambo. Alison Hargreaves wa ku Britain anakwera Everest mu May 1995 popanda mabotolo a okosijeni ndiponso popanda omunyamulira katundu, nyuzipepala zinamutamanda. Mu August chaka chomwecho anafera pa phiri la K2, ndipo mawu oti "mayi wa ana awiri" anasanduka mlandu, ena n'kumafunsa ngati mayi ayenera kukwera mapiri otere. Chaka chotsatira Rob Hall, wotsogolera okwera mapiri, anafera pa Everest mkazi wake ali woyembekezera, ndipo mfundo imeneyo inalembedwa ngati yomvetsa chisoni, osati ngati mlandu. Ndiye musanalembe "mayi wa ana awiri" m'chiganizo choyamba, sinthani m'maganizo akhale bambo, muone ngati mukanalembabe pamalo omwewo.

Tadala: Zimene munthu ankadziwa tsiku lonyamuka, mtolankhani amazipeza bwanji? Mwiniwake wafa.

Chisale: Zimasiya mapazi. Choyamba ndi chenjezo la nyengo: linatuluka nthawi yanji, linanena mphepo ya liwiro lanji, ndipo munthuyo ananyamuka lisanatuluke kapena litatuluka. Ola limodzi pamenepa limasintha nkhani yonse, ndiye lembani nthawi zonse ziwiri. Kenako chilolezo: chinkafunika, ndipo anali nacho? Zida zimene opulumutsa anazipeza pa iye, osati zimene achibale akuganiza kuti ananyamula. Anauza munthu njira yake ndi nthawi yobwerera? Anachitapo ulendo wocheperako wa mtundu womwewo? Ndipo chachikulu, kodi ntchitoyo ili ndi lamulo lake lodziwika limene iye analiphwanya?

Lamulo lotere ndi limene limapatsa chidzudzulo msana. Pa Everest, pamwamba pa mamita 8,000 thupi silikhalitsa, okosijeni wa pansonga ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a wa m'mphepete mwa nyanja, ndipo mabotolo amatha. Choncho magulu amaika nthawi yobwerera, kawirikawiri cha m'ma 2 koloko masana, kaya wafika pansonga kaya ayi. Pa ngozi ya pa 10 ndi 11 May 1996, imene inapha anthu 8, ena anafika pansonga cha m'ma 4 koloko. Kulemba kuti "nthawi yobwerera inali 2 koloko, iwo anafika 4 koloko" kumaluma kuposa mfotokozi aliyense, ndipo palibe angakutsutseni.

Kusamala kuli pa "ndi chifukwa chake". Chithunzi chimene wokwera mapiri Nirmal Purja anajambula pa 22 May 2019, cha mzere wa anthu pafupi ndi nsonga ya Everest, chinayenda dziko lonse. Nepal inali itapereka zilolezo 381 ndipo anthu 11 anafa paphiripo nyengo imeneyo. Mawu a pansi pa chithunzi m'malo ambiri anamanga ziwirizi pamodzi ngati onse 11 anafera pamzere, pamene ena anafa ndi kugwa kapena matenda a pamwamba m'malo ena ndi masiku ena. Kugundanitsa mfundo kuja kumanama mosavuta ngati mmene kumanenera zoona.

Mbewe: Pa mbali ya malamulo, mawu awiri amene anthu amawasakaniza ndi "wosasamala" ndi "wonyozera dala". Wosasamala sanachite zimene munthu wanzeru akanachita, mwina osadziwa n'komwe. Wonyozera dala ankadziwa ngoziyo ndipo anapitabe. Kusiyanaku kuli ndi mtengo. Dera la New Hampshire ku America limatha kulipiritsa munthu ndalama zomupulumutsira, ndipo mu 2008 linatsitsa muyeso kuchoka pa wonyozera dala kufika pa wosasamala, chifukwa kutsimikiza zimene munthu ankadziwa mumtima n'kovuta. Ngati boma lenilenilo linaona kuti n'kovuta, mtolankhani asathamangire kulemba "ananyozera" asanaone umboni woti chenjezolo linamufika. "Chenjezo linaperekedwa" ndi "anachenjezedwa" si chimodzi. Loyamba likhoza kukhala chikwangwani chimene sanachione.

Ena amadzilimbitsa mtima kuti wakufa sasuma. M'malamulo a England ndi maiko ambiri otengera kumeneko n'zoona, mlandu woipitsa mbiri umafa ndi mwini wake. Koma nkhani zotere sizikhala ndi wakufa yekha. Muli wotsogolera ulendo amene wapulumuka, kampani yobwereketsa boti, kholo limene linalola. Mukalemba "anawalola kunyamuka opanda majekete oyandamitsa" mwaloza munthu wamoyo. Komanso malamulo a atolankhani eni ake salekera pa khoti. A bungwe la IPSO loyang'anira nyuzipepala ku Britain amafuna kuti nyuzipepala isiyanitse bwino ndemanga, zongoganizira ndi zoona, ndiponso kuti pa chisoni nkhani ilembedwe mosamala. Nthawi nayo imasintha zololeka. Lipoti la US Coast Guard, bungwe la boma la America loyang'anira za panyanja, la mu 2025 litanena kuti ngozi ya Titan ikanapewedwa, mawu amenewo anakhala otchulika ndi gwero lake. Sabata ya ngoziyo akanakhala maganizo a wolemba.

Gondwe: Pali chidzudzulo china chimene chimachitika posatchula. Mu nkhani ya Chau, anthu 7 anamangidwa, ambiri asodzi amene anamuperekeza, ndipo anthu a pachilumbacho akanatha kutha ndi matenda amene matupi awo sanawazolowere. Nkhani imene yaika zimenezi pamwamba yadzudzula kale. Imene yazisiya yamusandutsa ngwazi mwakachetechete. Pa Treadwell, oyang'anira nkhalango anawombera zimbalangondo ziwiri, zomwe iye ankati akuziteteza. Pa Everest, pa 18 April 2014 madzi oundana anagumuka ku Khumbu, pa njira yokwerera phirilo, n'kupha anthu 16 a ku Nepal amene ankakonzera alendo njira ndi kuwanyamulira katundu. Nkhani yonena kuti wakuti "wagonjetsa" phiri, osatchula amene anamanga zingwe, yasankha mbali ngakhale ilibe mfotokozi ndi mmodzi yemwe.

Ndipo nthawi zina mkwiyo wa owerenga umalunjika kwa atolankhani eni. Masiku anayi Titan isanaphwanyike, pa 14 June 2023, boti la Adriana linamira kufupi ndi Pylos ku Greece litadzaza anthu othawa kwawo. Anapulumuka 104, mazanamazana anafa. Ma TV anathera masiku akuwerengera maola 96 a mpweya wa anthu asanu. Olemba ena anagundanitsa nkhani ziwirizi dala, ndipo liwu loti "mabiliyoneya" linakhala chikwapu. Koma m'sitimamo munalinso Suleman Dawood, wa zaka 19, amene anapita ndi bambo ake. Dzina la gulu likagwa, limagwera onse mofanana.

Nangozo: Kutamanda nakonso kuli ndi maliro ake, tisaiwale. Christopher McCandless anafera m'basi yakale m'tchire la Alaska mu 1992 ali ndi zaka 24. Olemba ambiri a ku Alaska komweko anamuona ngati wosakonzeka, pamene ena akutali anamulemba ngati wofunafuna ufulu. Mbiri yachiwiriyi ndi imene inakoka anthu kupita kukaona basiyo, amayi awiri anamira mumtsinje wa Teklanika mu 2010 ndi 2019, ndipo mu June 2020 boma linaichotsa pa helikopita. Choncho kufufuta chidzudzulo chonse poopa kukhumudwitsa abale si kusalowerera mbali.

Tadala: Ndayesa kulemba ndime yongopeka kuti muikonze. "Njonda ina yodzitcha katswiri wa panyanja yapulumukira mkamwa mwa mbuzi itakakamira kuwoloka nyanja pa kaboti kake ngakhale inachenjezedwa, zomwe zadyetsa boma ndalama zankhaninkhani."

Nabanda: Mwaika zida zonse m'chiganizo chimodzi, ndipo chilichonse chikufuna umboni wake. "Njonda" ichoke, pabwere bambo ndi zaka zake. "Yodzitcha" ikhale pokhapokha muli ndi pamene anadzitcha. "Itakakamira" ikufuna munthu amene anamuletsa pamaso. "Kaboti" kasanduke mamita. "Zankhaninkhani" ndi nambala ya munthu amene sanafunse. Tiyerekeze kuti mwafufuza n'kupeza zonse, zikhoza kutuluka chonchi: "Bambo wa zaka 41 wapulumutsidwa Lachiwiri usiku boti lake la mamita anayi litagubuduzika makilomita 12 kuchokera kumtunda. Ananyamuka 3 koloko masana, patadutsa maola asanu a zanyengo atalengeza za mphepo yamkuntho. Opulumutsa ati anamupeza alibe jekete loyandamitsa ndi wailesi, ndipo anthu 9 anamusaka kwa maola 6." Mulibe mfotokozi wonyoza, koma palibe angawerenge osapukusa mutu.

Mbewe: "Opulumutsa ati" asinthe akhale "mkulu wa opulumutsa anati", ndi dzina lake ndi udindo. Malinga ndi makwerero a mayi Nangozo aja, "ati" akukayikira opulumutsawo, pamene ndi iwo gwero lanu lodalirika. Ndipo pakusowa mawu a bamboyo. Ali moyo, afunsidwe ngati chilengezocho anachimva.

Gondwe: Akati sanachimve?

Mbewe: Mulembe kuti anati sanachimve, ndi "anati" weniweni, kenako munene njira zimene chinalengezedwera, kaya pa wailesi, pa foni kapena pa chikwangwani cha padoko. Chiganizo cha maola asanu chija chikhale pomwe chili, mu ndime yoyamba.

Chisale: Muonenso liwiro la mphepo limene analengeza, mulilembe m'makilomita pa ola, ndipo mufunse wodziwa maboti kuti la mamita anayi limapirira mpaka pati. Popanda zimenezo "mphepo yamkuntho" nayonso ndi mfotokozi chabe.